Mbiri ya Cikalata Copemphera Thandizo la Maphunziro ku America

M'dziko la United States, limene ambiri timangolicha America, maphunziro a pulaimale ndi a sekondale m'masukulu a Boma ndi aulere. Koma mwana akatsiriza zaka 12 za sukulu, nafuna kupitirira ku koleji kapena ku yunivesite, ayenera kulipira, ndipo mtengo wace ndi waukulu ndithu. Boma la dzikolo limathandiza ophunzira ndi ndalama zambiri caka ndi caka. Zina mwa ndalamazo ndi mphatso yosabweza, zina ndi ngongole, ndipo zina wophunzira amazigwirira nchito pa koleji pomwepo. Koma palibe amene amalandira thandizo la Boma asanalembe cikalata colipemphera. Nkhani yathu ndi ya cikalata cimeneci: kumene cinacokera, m'mene cinatalikira, ndi m'mene anthu anabvutikira pofuna kucifupikitsa. Wina anganene kuti pepala ndi kanthu kakang'ono kosayenera kukalembera mbiri. Munthu amene anaimapo pa zenera la ofesi ali ndi fomu m'manja, osadziwa poyambira, sanganene cotero.

Isanayambe nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mwana wanzeru wa munthu wosauka anali kudalira cifundo ca koleji yeniyeniyo, kapena ca mpingo, kapena ca munthu wina wolemera wa kwao. Zinthu zinasintha m'caka ca 1944, pamene Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lothandiza asilikari obwera ku nkhondo, limene anthu analicha GI Bill. Boma linalonjeza kulipirira msilikari sukulu mpaka madola 500 pa caka, ndi kumpatsanso ndalama ya cakudya mwezi ndi mwezi. Asilikari oposa 2,000,000 analowa m'makoleji mwa njira imeneyi. Apa funso lalikulu linali lakuti, kodi unagwira nchito ya usilikari? Za cuma ca atate ace a munthu sanafunse. Komabe tisaiwale kuti asilikari akuda, makamaka a m'zigawo za kumwera, sanapindule nalo lamuloli monga anzao oyera, popeza makoleji ambiri a kumeneko anali kukana anthu akuda, ndipo makoleji amene anali kuwalandira anali ocepa ndi odzaza.

Asilikari atatha maphunziro ao, makoleji anayamba kulimbirana ana anzeru, powanyengerera ndi mphatso. Akulu ena a maphunziro anaona kuti ndalama zirikupita kwa ana amene makolo ao akanatha kulipira okha. Mmodzi wa iwo, John Monro wa ku Harvard, anaonetsa anzace njira yowerengera mphamvu ya banja liri lonse. Tsono m'caka ca 1954 bungwe la College Board linatsegula ofesi yochedwa College Scholarship Service, ndipo ofesiyo inakonza fomu imene makolo anali kulembapo malipiro ao, ndalama zao za ku banki, mtengo wa nyumba yao, ngongole zao ndi ciwerengero ca ana ao. Masamu ace anali osabvuta kumva. Pa mtengo wa koleji ucotsepo zimene banja lingathe kulipira. Zotsalazo ndizo kusowa kwa mwanayo. Ganizoli linali lacilungamo, ndipo ndilo maziko a zonse zimene zinadza pambuyo. Koma taonani cimene cinabadwa nalo pamodzi. Kuyambira nthawi imeneyo wosauka anayenera kutsimikiza umphawi wace pa pepala, mzere ndi mzere, ndiponso anali kulipira kandalama kuti fomu yaceyo iwerengedwe.

M'mwezi wa October 1957 dziko la Soviet Union linaponya m'mlengalenga combo coyamba cozungulira dziko lapansi, cochedwa Sputnik. Anthu a ku America anacita mantha kuti atsalira pa nzeru, ndipo m'caka ca 1958 Nyumba yao ya Malamulo inakhazikitsa ngongole za Boma za ophunzira. Pa ngongoleyi anaikapo cinthu cacilendo. Wopempha anayenera kulumbira kuti ali wokhulupirika ku dziko lace, ndi kusainanso kuti sagwirizana ndi gulu liri lonse lofuna kugwetsa Boma mwa ciwawa. Makoleji ena ochuka, monga Harvard ndi Yale, anakana ndalamazo, nati nkulakwa kukaikira mwana wosauka pamene mwana wa wolemera safunsidwa kanthu. Mau okana maguluwo anacotsedwa mu 1962. Aka sikanali kotsiriza kuti fomu ya thandizo isenze katundu amene sanali wa maphunziro.

Lamulo lalikulu linadza m'caka ca 1965, ndipo munthu amene analisaina anali mphunzitsi asanakhale Pulezidenti. Mu 1928 Lyndon Johnson, ali mnyamata wa zaka 20, anasiya koleji kwa kanthawi cifukwa ndalama zinamthera, napita kukaphunzitsa pa kasukulu ka m'tauni ya Cotulla, m'cigawo ca Texas. Ana ace a sukulu anali a mabanja ocokera ku Mexico, osauka kwambiri, ndipo ambiri anali kufika m'kalasi osadya kanthu. Mphunzitsi ali yense amaidziwa nkhope ya mwana wanzeru amene ulendo wace udzathera pa khomo la sukuluyo, ndipo nkhope yotere siiwalika. Pa 8 November 1965 Johnson anabwerera ku koleji imene iye anaphunzirako, m'tauni ya San Marcos, nasainira komweko lamulo la maphunziro a pamwamba. M'mau ace tsiku limenelo anakumbuka ana a ku Cotulla, ndi cisoni cimene anali naco podziwa kuti pafupifupi onsewo citseko ca koleji cinali cotsekeka cifukwa ca umphawi. Lamuloli linabweretsa mphatso za ophunzira osauka ndi ngongole zimene Boma linaimira cikole.

Poyamba mphatsozo zinali kudzera m'manja mwa makoleji, ndipo koleji ndiyo inali kusankha wolandira. Phungu wina wa cigawo ca Rhode Island, Claiborne Pell, anaona kuti nkwabwino kuti ndalama izitsata mwana, apite nayo ku koleji imene iye afuna. Ganizo lace linalowa m'lamulo mu 1972, ndipo mu 1980 mphatsoyo inapatsidwa dzina lace, Pell Grant. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mphatso yaikulu ya Pell inali kukwanira magawo atatu mwa anai a mtengo wonse wa koleji ya Boma ya zaka zinai. M'caka ca sukulu ca 2024 mpaka 2025 inali madola 7,395, ndipo sinafike ngakhale pa gawo limodzi mwa atatu. Koma imeneyo ndi nkhani ya ndalama, ife tibwerere ku pepala lathu.

Pamene Boma linayamba kupereka ndalama kwa mwana mwini, linafuna fomu yaceyace. Motero banja limodzi linali kulemba mafomu angapo: ya Boma lalikulu, ya College Board kapena ya bungwe lina longa lomwelo, nthawi zina ya boma la cigawo, ndi ya koleji. M'caka ca 1992 aphungu analamula kuti thandizo lonse la Boma lalikulu lizipemphedwa pa fomu imodzi, ndi kuti wopempha asalipire kanthu. Fomuyo inachedwa FAFSA, ndipo cilembo coyamba ca dzinali ciimira liu lacingerezi lotanthauza kuti yaulere. Lamulo lomwelo linati nyumba imene banja ligonamo ndi munda umene lilima zisawerengedwenso ngati cuma colipirira sukulu. Makoleji ena olemera sanakondwe nazo, napitiriza kufuna fomu yaciwiri ya College Board.

Fomu inakhaladi imodzi, koma siinafupike. Funso liri lonse linali ndi mwini wace. Wina anaopa kuti olemera adzabisa cuma, nafuna funso la ndalama za ku banki. Maboma a zigawo anali ndi mafunso ao. Kuyambira 1982 mnyamata anayenera kuonetsa kuti analembetsa dzina lace m'kaundula wa amene angaitanidwe ku nkhondo. Lamulo la 1998 linabweretsa funso lakuti, kodi unapezekapo wolakwa pa mlandu wa camba kapena mankhwala ena oletsedwa? Akaidi okha analandidwiratu mphatso ya Pell mu 1994. Akatswiri awiri a za cuma, Susan Dynarski ndi Judith Scott-Clayton, atawerenga fomuyo ca m'ma 2006, anapeza kuti inali ndi mafunso 127, ndi kuti inali yaitali kuposa fomu ya msonkho imene mabanja ambiri amalemba. Anaonetsanso kuti mafunso owerengeka cabe, makamaka la malipiro ndi la kukula kwa banja, ndiwo anali kugamula pafupifupi mphatso yonse. Ambiri otsalawo anali kufunsa za cuma cimene wosauka alibe nkomwe.

Kodi pepala lingabweze mwana amene afunitsitsa sukulu? Funso limeneli linayesedwa m'caka ca 2008 m'zigawo za Ohio ndi North Carolina, ndipo kayesedwe kace nkoyenera kukamvetsa bwino. Ku America anthu ambiri amapita ku maofesi a kampani yochedwa H&R Block kuti akawathandize kulemba fomu ya msonkho. Akatswiri anai a maphunziro anagwirizana ndi kampaniyo, ndipo mabanja osauka amene anafika kumeneko anagawidwa mwa maere. Gulu loyamba linalandira kabuku wamba konena za koleji. Gulu laciwiri linauzidwa ndalama zimene mwana wao angalandire, koma fomu anasiyidwa kuti akalembe okha. Gulu lacitatu linathandizidwa pomwepo: kalaliki anatenga manambala a pa fomu ya msonkho nawaika pa FAFSA, nafunsa mafunso otsala, ndipo nchito inatha m'mphindi zowerengeka.

Zotsatira zace zinadabwitsa ambiri. Amene anangouzidwa za ndalama sanasiyane ndi amene sanauzidwe. Koma mwa ana otsiriza sekondale amene makolo ao anathandizidwa kulemba, 36 pa 100 ali onse anatsiriza zaka ziwiri za koleji m'zaka zitatu zotsatira, pamene mwa anzao osathandizidwa anali 28 okha. Mphatso inali yomweyo, ana anali a mtundu womwewo, ndipo cosiyana cinali munthu mmodzi wokhala pambali ndi colembera. Ine ndiona kuti m'mbiri yonseyi palibe cinthu cina coposa ici. Ife aphunzitsi timakonda kulengeza pa msonkhano wa makolo kuti thandizo liripo, ndipo tikatero timayesa kuti tatha nchito. Kholo limabvomera ndi mutu, lipinda pepala, likaika m'thumba, ndipo pepalalo limathera momwemo. Sikuti kholo lotere ndi laulesi iai. Licita manyazi kufunsa, ndiponso liopa kusaina cinthu ca Boma cimene silinacimvetse.

Boma linayesa kupepuza katunduyo ndi makina. Mu 1997 fomu inayamba kulembedwa pa intaneti, ndipo kompyuta inali kulumpha mafunso amene samkhudza wolembayo. Mu 2010 anatsegula njira yakuti manambala azicokera okha ku ofesi ya msonkho. Njirayi inatsekedwa kwa miyezi ingapo mu 2017, akuba atapeza kuti angathe kuberapo zinsinsi za anthu pafupifupi 100,000. Kusintha kwina kunali kwa masiku. Caka ca koleji ku America cimayamba mu August kapena September, ndipo kale fomu inali kutsegulidwa pa 1 January, makolo ambiri asanalembe za msonkho wa caka cimene cangotha. Iwo anali kulemba mongoyerekeza, nakonzanso pambuyo, pamene ndalama za zigawo zina zinali kuperekedwa kwa ofika msanga. Pulezidenti Barack Obama analengeza mu 2015 kuti kuyambira 2016 fomu izitsegulidwa pa 1 October, ndipo izifunsa malipiro a caka cimene msonkho wace unalembedwa kale. Cigawo ca Louisiana cinapitirira apo. Kuyambira 2018 mwana wotsiriza sekondale anayenera kulemba fomu yopemphera thandizo, kapena kholo lace lisaine kuti silifuna, ndipo olemba anaculuka msanga. Cigawoco cinacotsa lamuloli mu 2024.

Munthu amene analimbana nao kwambiri utali wa fomu anali Lamar Alexander, phungu wa cigawo ca Tennessee, amene kale anali mkulu wa yunivesite ndiponso nduna ya maphunziro. Iye anali kulumikiza masamba a fomuyo, ya mafunso 108, nainyamula pamwamba pamaso pa anzace, ndi kuileka kuti itambasuke mpaka pansi. Mu 2014 iye ndi phungu wina, Michael Bennet wa ku Colorado, anati mafunso awiri akwanira. Anzao sanabvomere ziwirizo, koma mu December 2020, masiku owerengeka Alexander asanapume pa uphungu, lamulo lofupikitsa fomu linadutsa, ndipo Pulezidenti Donald Trump analisaina.

Lamuloli linasintha zambiri. Funso la kaundula wa nkhondo ndi la milandu ya mankhwala anacotsedwa. Akaidi ophunzira analoledwanso kulandira mphatso ya Pell kuyambira July 2023. Ena tsopano anali kuyankha mafunso 18 okha. Kale fomu ikawerengedwa, banja linali kuuzidwa nambala yochedwa copereka ca banja, ndipo ambiri anali kuyesa kuti imeneyo ndiyo ndalama yokha imene adzalipira, cimene sicinali coona. Dzinalo linasinthidwa, ndipo nambala yatsopano inaloledwa kutsika pansi pa ziro mpaka 1,500, kuti osaukitsitsa aziwoneka pakati pa osauka anzao. Dipatimenti ya Maphunziro inayembekeza kuti ophunzira ena 610,000 adzayamba kulandira mphatso ya Pell.

Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Pofupikitsa fomu, anasiya kuwerengera ana a banja limodzi amene ali ku koleji nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti banja linayesedwa kuti lingathe kulipira madola 10,000. Kale, ngati ana awiri anali ku koleji, ali yense anali kuwerengeredwa 5,000; tsopano ali yense anasenza 10,000 yonse. Alimi nao anadandaula, popeza munda ndi kabizinesi ka banja zinayambanso kuwerengedwa ngati cuma, ngakhale mlimi sangagulitse cigawo ca munda wace caka ciri conse kuti alipire sukulu. Ndiponso kholo linayenera kutsegula akaunti yaceyace pa intaneti ndi kupereka cilolezo cakuti manambala ace atengedwe ku ofesi ya msonkho. Kholo likakana, mwana sakanalandira mphatso ya Boma.

Bvuto lalikulu linali la makina. Fomu yatsopano inayenera kuyamba m'caka ca sukulu ca 2023, koma inasunthidwa caka cimodzi cifukwa makina akale a Dipatimenti anafunika kumangidwanso. Ngakhale cotero sinatsegulidwe pa 1 October 2023. Inaoneka pa 30 December, ndipo masiku oyambawo inali kutseguka kanthawi kocepa cabe pa tsiku. Kenaka kunadziwika kuti Dipatimenti siinakonze masamu ace molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu monga lamulo linanenera, ndipo kulakwako kukanamana ophunzira madola 1,800,000,000. Pokonza zimenezi, makoleji sanalandire mayankho a mafomu mpaka mwezi wa March 2024, ndipo ena mwa amene analandira anali olakwika. Tsono ku America mwambo ndi wakuti mwana asankhe koleji yace pofika pa 1 May. Adzasankha bwanji asanadziwe cimene adzalipira? Makoleji ambiri anasuntha tsikulo.

Amene anabvutika koposa anali ana obadwira ku America, nzika zenizeni, amene makolo ao anacokera ku maiko ena ndipo alibe nambala ya Social Security, imene Boma limapatsa nzika ndi alendo ololedwa kugwira nchito. Lamulo linali kuwalola ana otere kulandira thandizo, koma kwa miyezi ingapo makina anali kukana makolo ao. Pa fomu yakale kholo lotere linali kusaina pepala ndi kulitumiza pa positi, ndipo zinali kutheka. Ofesi yofufuza nchito za Boma, yochedwa Government Accountability Office, inanena mu September 2024 kuti m'miyezi isanu yoyamba anthu anaimba telefoni ku ofesi yothandiza nthawi 5,400,000, ndipo 4,000,000 mwa izo sizinayankhidwe. Inapezanso kuti pofika kumapeto kwa August mafomu anacepa ndi 432,000 poyerekeza ndi caka capitaco, ndi kuti olemba koyamba anacepa ndi 9 pa 100 ali onse. Kumbukirani za ku Ohio zija. Fomu inafupikadi, koma munthu woyankha ndiye anasowa, ndipo amene analibe mbale wodziwa njira anagwa mphwayi. Mkulu wa ofesi ya thandizo la ophunzira, Richard Cordray, anacoka pa nchito mu June 2024.

Caka cotsatira Dipatimenti inayamba yayesa fomu ndi magulu ang'onoang'ono a ophunzira, ndipo inaitsegulira onse mu November 2024. Amene anailemba nthawi imeneyo ambiri anaitsiriza m'mphindi zocepa. Mu November momwemo aphungu a zipani zonse ziwiri anagwirizana pa lamulo lalifupi lakuti fomu izikhala yotseguka pofika pa 1 October caka ciri conse, ndipo Pulezidenti Joe Biden analisaina mu December. Mu 2025 inatsegulidwa mu September, tsikulo lisanafike. Alimi nao anamveka: lamulo la July 2025 linati munda wa banja ndi kabizinesi kakang'ono zisawerengedwenso kuyambira m'caka ca sukulu ca 2026. Lamulo lomwelo linaika malire pa ngongole imene makolo angatenge ku Boma cifukwa ca mwana mmodzi, madola 20,000 pa caka ndi 65,000 yonse pamodzi. Za ana awiri a banja limodzi okhala ku koleji pamodzi silinanenepo kanthu.